Angerezi akati "second" amatanthauza chiyani kwenikweni?

Mwana wa sitandade 3 akhoza kukuuzani kuti "second" ndi chachiwiri, ndipo sanalakwe. Koma mwana yemweyo akamakula adzapita ku sekondale, adzaimba foni yolipira pa sekondi iliyonse, adzakhala pa msonkhano pomwe wina adzakweza mkono n'kunena kuti "ndasekonda", mwinanso adzalandira kalata ya kuntchito yomuuza kuti akupita ku ofesi ina "on secondment". Mawu onsewa ndi a m'banja limodzi, koma tanthauzo lija la chachiwiri silikwanira kuwamasula onse. Ambirife tinaloweza tanthauzo limodzi n'kulekera pomwepo, zinazo timangozitola m'njira, chilichonse pachokha, osadziwa kuti pali chingwe chozimanga pamodzi. Zimenezi zimandidandaula, chifukwa chingwecho n'chosavuta kuchigwira, ndipo munthu akachigwira sasocheranso.

Chingwecho chili ku Chilatini, chinenero cha Aroma akale. Iwo anali ndi mneni wakuti sequi, kutanthauza kutsatira, ndipo kuchokera pamenepo anapanga secundus, wotsatira. Nambala 2 mulibemo m'mawu amenewa. Muli ganizo la munthu kapena chinthu chobwera pambuyo pa china. N'chifukwa chake "second" ndi m'bale wake wa "sequence" ndi "consequence", osati wa "two". Taonani mmene manambala a Chingerezi amayendera: "third" akufanana ndi "three", "fourth" ndi "four", "fifth" ndi "five", koma "first" ndi "second" sakufanana mpang'ono pomwe ndi "one" ndi "two". Ifenso tili nacho chotere mbali imodzi, pakuti "choyamba" chimachokera ku kuyamba, osati ku chimodzi, ngakhale kuti "chachiwiri" chathu chimachokeradi ku ziwiri.

Angerezi anabwereka mawu akuti "second" ku Chifalansa cha m'ma 1300. Kale lonselo ankagwiritsa ntchito "other", mawu omwe lero timawadziwa kuti amatanthauza china kapena wina. Mawu amodziwo ankasenza ntchito ziwiri, ya chachiwiri ndi ya china, ndipo "second" atafika anawalandira katundu mmodzi. Zizindikiro za ntchito yakaleyo zilipobe. Dokotala akalemba kuti mankhwala muzimwa "every other day", akutanthauza lero kumwa, mawa kudumpha, mkuja kumwanso, chimodzimodzi ndi "every second day". Anthu a ku Sweden mpaka lero amati andra pa zonse ziwiri, chachiwiri ndi china.

Aroma ankatchanso ana awo mayina a manambala. Owerenga Baibulo anakumana naye kale Sekundo wa ku Tesalonika, mmodzi wa anthu amene anatsagana ndi Paulo pa Machitidwe 20:4.

Tsono pali chinthu china chimene Aroma ankachita ndi mawuwa chomwe chimatsegula zambiri. Oyenda panyanja ankati mphepo yochokera kumbuyo kwa ngalawa, yodzaza thanga n'kumakankhira ngalawayo kutsogolo, ndi ventus secundus, mphepo yotsatira. Imeneyo ndiyo inali mphepo yabwino. Motero secundus anayamba kutanthauzanso chokomera, chothandiza, mpaka munthu zikamamuyendera ankati ali pa res secundae. Apa ndi pamene mawuwa anagawikira pawiri. Wobwera pambuyo akhoza kukhala wochepa mphamvu, wolephera kupambana, wotsalira. Akhozanso kukhala wokukankha, wokuimira kumbuyo kuti usagwe. Chingerezi chinatenga mbali zonse ziwiri, ndipo pafupifupi tanthauzo lililonse la "second" limagwera mbali imodzi mwa ziwirizi.

Mbali ya wothandiza ndi yomwe sukulu siphunzitsa bwino, chikhalirecho timaigwiritsa ntchito sabata ndi sabata. Tiyerekeze ndi msonkhano wa komiti ya sukulu. Bambo wina akuimirira n'kunena kuti, "A tcheya, ine ndikuti ndalama zotsalazi tigulire malata a chimbudzi cha atsikana." Tcheya akuyang'ana uku ndi uku n'kufunsa, "Alipo wosekonda?" Pakakhala zii, ganizolo lafera pomwepo, silikambidwa n'komwe, ndipo mlembi salivutikira. Koma mayi wina akangoti, "Ndasekonda, a tcheya," nkhaniyo yasanduka ya msonkhano wonse ndipo iyenera kukambidwa mpaka kuvoteredwa. Mneni wa Chingerezi ndi "to second", wochita zimenezo ndi "seconder". Cholinga cha mwambowu n'choti munthu mmodzi asamadye nthawi ya gulu ndi nkhani yomwe palibe wina aliyense akuifuna. Pali mfundo ina yomwe makomiti ambiri saidziwa. Malinga ndi buku la malamulo a misonkhano lomwe Henry Martyn Robert anatulutsa ku America mu 1876, lomwe mabungwe ambiri a kumeneko amatsatirabe, wosekonda sakakamizidwa kugwirizana ndi ganizolo. Iye wangovomera kuti likambidwe, ndipo pa voti akhoza kulikana. Ndimaona kuti lamuloli ndi lanzeru, chifukwa limapatsa mpata ganizo la munthu wopanda anzake ambiri kuti limveke kaye lisanakanidwe.

Dzina lakuti "a second", kutanthauza munthu woima kumbuyo kwa mnzake, linakula m'nthawi imene amuna olemekezeka a ku Ulaya ndi ku America ankathetsa chipongwe pomenyana awiriwiri mopangana, ndi malupanga kapena mfuti. Aliyense ankasankha mnzake womukhulupirira kuti akhale "second" wake. Ntchito ya anthu amenewa inali ngati ya ankhoswe: kuyenda pakati pa okanganawo, kuyesa kuti wina apepese magazi asanakhetsedwe, ndipo zikakanika, kugwirizana malo, nthawi ndi zida, n'kuonetsetsa kuti pasakhale chinyengo. Pa 11 July 1804 ku Weehawken, m'chigawo cha New Jersey, Aaron Burr, yemwe pa nthawiyo anali wachiwiri kwa pulezidenti wa America, anawombera Alexander Hamilton pa ndewu yotereyi, ndipo Hamilton anamwalira tsiku lotsatira. Kumbuyo kwa Hamilton kunali Nathaniel Pendleton, kumbuyo kwa Burr kunali William Van Ness. Mwambo woipawo unatha, koma dzinalo linasamukira ku masewera a nkhonya. Anthu aja amathamangira pakona ndi madzi, thaulo ndi mankhwala a mabala ndi ma "seconds". Ku Britain belu lisanalire mumamva wina akufuula kuti "seconds out", ndipo ambiri amaganiza kuti akunena za nthawi. Iye akuuza othandizawo kuti atuluke m'bwalo, atsalemo omenyana okha ndi woimbira.

Wapachibale wina ndi "secondment", mawu a m'maofesi a boma, a polisi, a mabanki ndi a mabungwe. Awa anadzera njira yawoyawo, kuchokera ku Chifalansa en second kupita ku gulu la asilikali la Britain, komwe msilikali wamkulu ankatha kuchotsedwa m'gulu lake kwa kanthawi kuti akagwire ntchito kwina. Lero akanena kuti mphunzitsi kapena namwino "has been seconded" ku unduna kapena ku bungwe lina, ndiye kuti wabwerekedwa. Akadali wa kumene anachoka, ndipo nthawi ikakwana amayenera kubwerera. Zimenezi n'zosiyana ndi kusamutsidwa kotheratu, choncho wolandira kalata yotere ayenera kuiwerenga mofatsa kuti aone amene azimulipira, kutalika kwa nthawi, komanso ngati malo ake akale amusungira. Katchulidwe kakenso n'kosiyana. Pa kuthandizira ganizo pa msonkhano Angerezi amatsindika chiyambi cha mawu, SE-cond, pomwe pa kubwereketsa wantchito amatsindika kumapeto, se-COND. Polemba n'chimodzimodzi, kusiyana kwake kumamveka pakamwa pokha.

Mbali inayo, ya wotsalira, ndi yodziwika kale. "Second-hand" ndi kaunjika wathu, salaula wa ku Zambia, galimoto zochokera ku Japan zoyenda kale. Malaya akhoza kudutsa m'manja mwa anthu asanu, amangotchedwabe "second-hand", chifukwa mawuwo sawerenga eni ake, amangonena kuti inu si woyamba. Amawagwiritsanso ntchito pa nkhani ya m'maluwa, yomwe munthu sanaione yekha, komanso pa utsi wa fodya womwe umalowa m'mapapo a munthu wosasuta. Koma musasokoneze ndi "seconds" a m'sitolo. Amenewo ndi katundu watsopano, wosavalidwapo, amene anatuluka ku fakitale ndi kachilema, mwina msoko wokhota kapena utoto wosakwanira, ndipo amagulitsidwa motsika mtengo. Patebulo mawu omwewo ali ndi ntchito ina. Mayi wa ku England akakufunsani ngati mukufuna "seconds", akukufunsani ngati akuwonjezereni chakudya.

"Second-rate" ndi chinthu chachabechabe, "second best" ndi chomwe umatenga chifukwa chabwinocho chasowa, "second-class citizen" ndi nzika yomwe dziko lake lomwe limaiona ngati yosakwanira. Koma apa pomwe pali msampha. Digiri ya "second class" ku yunivesite ya ku Britain si yonyozeka ayi. Imagawidwa pawiri, ya pamwamba yotchedwa 2:1 ndi ya pansi yotchedwa 2:2, ndipo 2:1, yomwe kawirikawiri imayambira pa 60 mpaka 69 peresenti, ndi yomwe mayunivesite ambiri amafuna kuti munthu apitirize maphunziro a masitazi. Nawonso mawu akuti "second to none" amapusitsa ambiri. Akumveka ngati akutsitsa, koma akutanthauza kuti palibe amene ali patsogolo pa munthuyo, ndiye kuti ndi katswiri woposa onse.

Chofunika kufunsa nthawi zonse ndi ichi: akuwerenga kuchokera kuti, kulowera kuti? Kuchipatala "second-degree burn" ndi kupsa koposa kwa "first-degree", kofika mkati mwa khungu n'kutulutsa matuza, chifukwa kumeneko nambala ikamakwera, vuto likukula. M'makhoti a ku America zili mozondoka: "second-degree murder" ndi mlandu wocheperapo poyerekeza ndi "first-degree", womwe nthawi zambiri ndi wa kupha mochita kukonzekera. Nyumba zosanjikizana nazo zimasokoneza. Mngerezi amatcha pansi penipeni "ground floor" n'kuyamba kuwerenga akakwera, pomwe Mmereka amawerenga pansipo ngati "first floor". Choncho "second floor" ya ku London ndi "third floor" ya ku New York, ndipo munthu akhoza kugogoda pa khomo lolakwika chifukwa cha zimenezi. Ngakhale "second name" pa fomu ndi yosadalirika, ena amatanthauza dzina la pakati, ena dzina la bambo, ndipo ndi bwino kufunsa musanalembe.

Pa chibale mpovuta kwambiri, chifukwa Angerezi amadula ubale mosiyana ndi ife. Kwa iwo ana a abale awiri, kaya abalewo ndi amuna okhaokha, akazi okhaokha, kapena mwamuna ndi mlongo wake, onse ndi "first cousins". Ana a ma "first cousins" amenewo ndiwo "second cousins", anthu amene amakumana pa makolo a agogo awo. Ife mwana wa mayi aang'ono kapena wa bambo aakulu ndi m'bale weniweni, mkulu kapena mng'ono, ndipo msuweni ndi mwana wa amalume kapena wa azakhali. Ndiye "second cousin" alibe dzina limodzi lomuyenera kwathu kuno, zimatengera kuti ubalewo wadzera kwa yani.

Ku Malawi mawuwa analowa mpaka m'malamulo oyendetsera dziko, omwe amalola pulezidenti kusankha "Second Vice President". Chakufwa Chihana anakhalapo pa udindowu kuyambira mu 1994, m'boma la Bakili Muluzi. Pa Chichewa zimavuta pang'ono, chifukwa "Vice President" timamutcha kale wachiwiri kwa pulezidenti, ndiye winayo amakhala wachiwiri kwa wachiwiri, amene pomuwerenga bwino ndi munthu wachitatu. Ku Nyumba ya Malamulo kulinso "second reading", mwambo womwe tinatengera ku Westminster, Nyumba ya Malamulo ya ku Britain. Pa kuwerenga koyamba bilu imangoperekedwa, osakambirana. Pa kuwerenga kwachiwiri mpamene aphungu amatsutsana za mutu ndi cholinga cha biluyo, isanapite kokaunikidwa ndime ndi ndime. Amene akufuna kumva maganizo enieni a phungu wake pa lamulo linalake azitchera khutu pamenepo.

Chinanso chimene chimandisangalatsa n'chakuti nthawi zambiri wachiwiri ndi amene amapatsa woyamba dzina. Nkhondo ya 1914 mpaka 1918 anthu ankangoitcha "the Great War", ndipo dzina lakuti yoyamba linakhazikika itabwera ya 1939 mpaka 1945. Mfumukazi Elizabeth ya m'zaka za m'ma 1500 inkangotchedwa Elizabeth mpaka mu 1952, pamene Elizabeth II analowa ufumu. Papa Francis sankalembedwa kuti Francis I pa chifukwa chomwechi. Polemba, Angerezi amaika II pambuyo pa dzina koma powerenga amati "the Second", monga mmene ife timanenera Papa Yohane Paulo Wachiwiri, amene anadzacheza ku Malawi mu 1989.

Palinso timawu ta tsiku ndi tsiku tomwe sitifuna kufotokoza kwambiri. "Second thoughts" ndi kuyamba kukayika pa zomwe unatsimikiza kale. "Second opinion" ndi kukaonana ndi dokotala wina kuti umve ngati anena zofanana ndi woyambayo, ufulu umene odwala ambiri amachita nawo manyazi popanda chifukwa. "Second nature" ndi chizolowezi chomwe chalowerera mpaka munthu amachita osaganiza. Sekondale ndi sukulu yotsatira pulayimale, basi.

Nanga sekondi ya pa wotchi ikugwirizana bwanji ndi zonsezi? Apa ndiye pali mbiri yaitali kuposa ina yonse. Anthu a ku Babulo wakale ankawerengera m'magulu a 60, nambala yabwino kwambiri pogawa chifukwa imagawika ndi 2, 3, 4, 5, 6, 10, 12, 15, 20 ndi 30 popanda chotsala. Akatswiri a nyenyezi achigiriki, makamaka Ptolemy wa ku Alexandria m'zaka za m'ma 100, anatengera njira imeneyi poyeza malo a dzuwa ndi nyenyezi. Ankagawa chinthu m'zigawo 60, kenako chigawo chilichonse n'kuchigawanso m'tizigawo 60. Ophunzira a ku Ulaya olemba m'Chilatini anatcha kugawa koyambako pars minuta prima, kagawo kakang'ono koyamba, ndipo kotsatirako anakutcha pars minuta secunda, kagawo kakang'ono kachiwiri. Pofupikitsa, koyambako kanatsala ndi dzina lakuti "minute", kachiwiriko kanatsala ndi "second". Sekondi ndi kugawa ola kachiwiri. Kunalinso kachitatu ndi kachinayi, ndipo katswiri wina wotchedwa al-Biruni cha m'ma 1000 ankalemba nthawi za mwezi mpaka kufika pa tizigawo timeneti, koma ito sitinalowe m'chilankhulo cha anthu wamba.

Kwa zaka mazana ambiri sekondi inali ya papepala chabe, chifukwa kunalibe wotchi yotha kuiwerenga mokhulupirika. Zinasintha Christiaan Huygens wa ku Netherlands atapanga wotchi ya pendulamu, kanthu kolendewera kogwedezeka uku ndi uku, mu 1656. Pendulamu yotalika pafupifupi mita imodzi imatenga sekondi imodzi kuchoka mbali ina kufika mbali ina, ndipo m'zaka zotsatira mawotchi anayamba kukhala ndi kamuvi kowerenga masekondi. Kamuvi kameneko Angerezi amakatcha "second hand", ngakhale kuti pa wotchi ndi kachitatu, ndipo sikakhudzana konse ndi kaunjika. Kugawa kwa Ababulo kuja kunatsalanso pa mapu. Oyeza malo amalemba madigiri, maminiti ndi masekondi, ndipo sekondi imodzi yolowera kumpoto kapena kummwera ndi mtunda wa mamita pafupifupi 31. Pa mkangano wa malire a munda, mamita 31 si nkhani yaing'ono.

Poyamba sekondi inkatengedwa kuti ndi gawo limodzi mwa magawo 86,400 a tsiku. Vuto n'lakuti dziko silizungulira mofanana nthawi zonse. Mafunde a m'nyanja zazikulu, omwe amakokedwa ndi mwezi, amalichedwetsa pang'onopang'ono, ndipo mphepo komanso zochitika mkati mwa dzikolo zimasinthasintha liwiro lake. Muyeso sungadalire chinthu chosakhazikika chotero. Mu 1955 Louis Essen ndi Jack Parry anapanga wotchi yodalira maatomu a chitsulo china chotchedwa caesium ku Teddington, ku England, ndipo mu 1967 msonkhano waukulu wa mayiko woona za miyeso unagwirizana tanthauzo latsopano. Kuyambira pamenepo sekondi ndi nthawi imene mafunde ena ake ochokera ku atomu ya caesium-133 amatenga kuti agwedezeke maulendo 9,192,631,770. Nambalayi anaisankha kuti sekondi yatsopano ifanane kutalika ndi yomwe akatswiri a nyenyezi ankagwiritsa ntchito pa nthawiyo.

Wina akhoza kufunsa kuti kulondola konseku n'kwa ntchito yanji. Kuyambira mu 1983 ngakhale mita imadalira sekondi, pakuti mita ndi mtunda umene kuwala kumayenda m'gawo limodzi mwa magawo 299,792,458 a sekondi. GPS ya m'foni yanu imadziwa pamene muli poyeza nthawi imene uthenga watenga kuchoka ku masetilaiti, omwe amanyamula mawotchi a maatomu. Wotchiyo italakwitsa ndi gawo limodzi lokha mwa magawo 1,000,000 a sekondi, malo anu angaphonyeke ndi mamita pafupifupi 300. Pa masewera napo sekondi yathunthu ndi yaikulu kwambiri. Ku Berlin mu 2009 Usain Bolt anathamanga mamita 100 pa masekondi 9.58, ndipo Tyson Gay, amene anakhala wachiwiri, anathamanga pa 9.71. Pakamwa pa anthu ndiye sekondi ilibe muyeso. Mngerezi akati "just a second" akungoti dikirani pang'ono, ndipo pang'onopo pakhoza kukwana mphindi zisanu.

Popeza mawotchi a maatomu sachedwa pomwe dziko limachedwa, ziwirizi zimasiyana pang'onopang'ono. Kuyambira mu 1972 akatswiri akhala akuwonjezera sekondi imodzi pa nthawi ya dziko lonse kusiyanako kukayandikira sekondi yathunthu, ndipo sekondi yowonjezerayo amaitcha "leap second". Zachitika maulendo 27. Komaliza kunali kumapeto kwa 31 December 2016, pamene mawotchi a nthawi ya dziko lonse anaonetsa 23:59:60 asanafike pa 00:00:00. Ku Malawi ndi ku Zambia, komwe nthawi ili patsogolo ndi maola awiri, mphindi ya masekondi 61 imeneyo inagwa itangotsala pang'ono kukwana 2 koloko usiku wa pa 1 January 2017. Makompyuta ambiri sagwirizana nayo mphindi yotere, ndipo makampani ena a intaneti anasokonekerapo chifukwa cha iyo, makamaka mu 2012. N'chifukwa chake mu November 2022 mayiko atakumana ku Versailles, ku France, anagwirizana kuti pofika 2035 asiye kuwonjezera sekondi imeneyi, n'kulola kuti nthawi ya mawotchi ndi ya kuzungulira kwa dziko zisiyane koposa sekondi imodzi.